Mitengo yakale ndiyo nyumba ya gogomole ndi nsadzu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za mbalame ziwiri zimene sizitchulidwa nkhani ya kutha kwa nkhalango ikamakambidwa, zomwe ndi gogomole ndi nsadzu. Akatswiri amaziika m'gulu limodzi lotchedwa Piciformes, lomwe lili ndi mitundu yoposa 400 pa dziko lonse, ndipo zambiri mwa mbalamezi zili ndi zala ziwiri zoloza kutsogolo ndi ziwiri zoloza kumbuyo, komanso ana ake amaswedwera m'mphako kapena m'mauna.

Ndili mwana, agogo anga aamuna ankati akamva nsadzu ikulira, ankasiya chilichonse, kutenga nkhwangwa ndi chikuni cha moto n'kuyamba kuitsatira uku akuiyankha ndi likhweru. Mbalameyo inkauluka pang'ono n'kutera, kudikira, n'kuulukanso, mpaka kukafika pa mtengo wa njuchi. Akafula uchi, sankachoka osaisiyira chisa pa nthambi, chifukwa nsadzu imadya phula, chinthu chimene mbalame zambiri sizingathe kugaya. Anzanga ena amati izi ndi nthano chabe, koma m'chaka cha 2016 kafukufuku amene anatsogolera katswiri wa mbalame Claire Spottiswoode ku Niassa m'dziko la Mozambique anasonyeza kuti alenje a uchi achiyao akaitana nsadzu ndi kuitana kwawo kwa makolo, mwayi wopeza njuchi unkakwera pafupifupi katatu.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mbalamezi zimadalira mitengo yokalamba, ngakhale youma, yomwe ndiyo imayamba kugwa anthu akamafuna nkhuni ndi makala. Gogomole amagogoda thunthu lofumbwa kufuna mphutsi, ndipo ndi momwemo amaboola mphako yoswera, imene mbalame zina zimadzalowamo iye akachoka. Nsadzu nayo simanga chisa, imaikira mazira ake m'mphako ndi m'mauna a mbalame zina kuti ziilerere ana. Njuchi zakutchire zimafunanso mphako zomwezo. Mtengo umodzi wakale ukagwa, zimene zasowa pokhala ndi zambiri.

M'nkhalango ya Dzalanyama muli gogomole wotchedwa Stierling's, amene amapezeka kuno ku Malawi, kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo alendo okonda mbalame amabwera kuchokera kutali kudzamuona. Komatu ndi nkhalango yomweyi imene njinga zodzaza matumba a makala zimatulukamo m'mamawa kulowera ku Lilongwe. Sindikunyoza wootcha makala, pakuti ndikudziwa kuti naye akufuna kudyetsa ana ake, ndipo ife a m'tauni ndife timagula.

Pempho langa kwa a Dipatimenti ya Zankhalango, mafumu ndi makomiti a m'midzi ndi lakuti nyengo yobzala mitengo ikafika, asamangowerenga mbande zimene zabzalidwa. Mbande ya bulugamu singapatse gogomole mphako chaka chino kapena cha mawa. Aike chizindikiro pa mitengo ikuluikulu ya mombo, tsamba ndi misuku, kuphatikizapo youma imene ili ndi mphako, ndipo agwirizane ndi anthu ozungulira kuti imeneyo isadulidwe.

Ine wowerenga wanu,
Mitundu, Lilongwe