Za nkhani yako ija ya azakhali

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino. Nkhani yako imene yapambana pa mpikisano wa ophunzira ndaiwerenga, ndipo mng'ono wako wawerengera bambo ako, poti maso awo sakuthanso zilembo za pafoni. Takunyadira kwambiri.

Unalemba zoona. Mu 2018 nyanja ya Chilwa inaphwadi, mabwato n'kungokhala pamatope ku Kachulu, azakhali ako n'kusowa matemba oti aode. Pamene wanena kuti ankapitabe kumsika ndi beseni lopanda kanthu atalivindikira ndi chitenje, kuopa kuti wina angawalande malo, ine misozi inalengeza, chifukwa beseni limenelo ndinaliona ndi maso angawa.

Koma pali mawu, mwana wanga. Azakhali ako sanamve kwa iwe. Amva kwa anzawo akutchalitchi amene anaona pa Facebook. Za katapila uja, ndi za tsiku limene a banki m'khonde anadzanyamula matiresi, iwo anabisa ngakhale kwa ana awo. Dzina unasintha, inde, koma ku Chinamwali ndani sangawazindikire? Sanakalipe. Angoti zii, ndipo Lamulungu lapitali sanatuluke m'nyumba.

Sindikukuletsa kulemba zowawa. Jack Mapanje, mlakatuli amene ankaphunzitsa pa Chancellor College, anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, ndipo mpaka lero timamulemekeza. Komatu iye ankakhudza anthu amphamvu, ndipo amene anavutika nazo anali mwini wake. Azakhali ako alibe poyankhira. Mphoto yapita kwa iwe, manyazi atsala kwa iwo.

Chinanso chandiwawa n'chakuti m'nkhani monse muja iwo akungovutika basi. Sunanene kuti chaka chomwecho anayamba kukazinga zitumbuwa, ana awiri osasiya sukulu, kapena kuti pamaliro ndiwo amayambitsa nyimbo anthu onse n'kutsatira. Mwina oweruza amakopeka ndi misozi, koma munthu amene ukumulembayo ndi wamkulu kuposa mavuto ake.

Ukafuna kupeka, peka ndithu: sintha dera, ntchito, ngakhale chiwerengero cha ana. Ikakhala nkhani yeniyeni, yamba wapempha, ndipo usanatumize muwerengere mwini wake m'Chichewa, amve yekha. Akati apa chotsa, uchotse, ngakhale patakhala pokoma.

Ubwere Loweruka tipitire limodzi kwa azakhali. Pa ndalama za mphotozo upatuleko zawo, ugulenso shuga. Ukakhale pamphasa, upepese, kenako uwawerengere nkhani yonse osadumpha.

Ndamvanso kuti ukufuna kulemba za matenda a amalume ako. Imeneyo usaiyambe usanakhale nawo pansi.

Ndine mayi ako,
kuno ku Zomba