Akuti ndikaphunzire unsembe, koma ndikudziona wosakwana

Agogo,

Ndine mnyamata wa zaka 24. Ndimakhala kufupi ndi Chia kuno ku Nkhotakota, ndipo ndimapemphera mpingo wa Anglican. Ndabwera kwa inu chifukwa onse amene ndingawafunse kuno ali kale ndi mbali yawo pa nkhaniyi.

Tchalitchi chathu ndi chaching'ono, cha kumudzi. Wansembe amabwera mwa apo ndi apo kudzachita Misa, masabata ena onse amatitsogolera ndi akatekisiti. Iwowa akalamba ndipo maso adayamba kuwavuta, ndiye ndidayamba kumawawerengera mawu. Kenaka adandisiyira Sande sukulu, kenaka gulu la achinyamata. Chaka chatha kudagwa maliro a mwana akatekisitiwo ali m'chipatala, ndipo akuluakulu a mpingo adandiloza ine kuti ndilalike kumanda. Miyendo inkanjenjemera, Baibulo lidanyowa ndi thukuta la m'manja. Zimene ndidanena sindikuzikumbuka bwino, koma patapita masiku mayi wa mwanayo adandipeza pamsewu ndikugulitsa nsomba, n'kundigwira dzanja nati, “Achimwene, mawu aja ndi amene akundigonetsa tulo.” Chichokereni tsiku limenelo mtima wanga sunakhazikike.

Tsopano wansembe wathu wandiitana n'kundiuza kuti ndilembe kalata ku dayosizi yopempha kuti andiyese, ndipo akandivomera ndikaphunzire ku Leonard Kamungu Theological College ku Zomba. Agogo, ndisakunamizeni, ndikufuna. Ndikamaphunzitsa ana kapena kupemphera ndi wodwala ndimamva kuti ndili pamalo panga. Koma ndikadziyang'ana ndimaona munthu wosakwana.

Ndili ndi chibwibwi. Poimba sichimveka, powerenga chimachepa, koma ndikachita mantha lilime limakakamira pa liwu limodzi mpaka ana kuyamba kutsinana. MSCE ndidakhoza, koma Chingerezi changa n'chongokwanira kulemba mayeso, ndipo ndamva kuti mabuku a kumeneko ndi a Chingerezi chozama. China chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Kuno Asilamu ndi Akhristu tidakwatirana, timadyera mbale imodzi, maliro timalira limodzi. Anzanga amene ndimagula nawo chambo padoko adayamba madrasa ali aang'ono ndipo zambiri amazidziwa pamtima. Akandifunsa mwaubale kuti Mulungu mmodzi akhala bwanji Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ndimayamba bwino koma ndimathera panjira. Ndiye munthu wolephera kuyankha mnzake padoko angaime bwanji paguwa pamaso pa azigogo amene adabatizidwa bambo anga asanabadwe?

Zonsezi ndidawauza wansembe. Adanditsegulira Yeremiya 1, pamene mneneri akudandaula kuti ndi mwana ndipo satha kulankhula, ndi Eksodo 4, pamene Mose akunena za lilime lake lolemera. Adawonjezera 1 Timoteo 4:12, kuti munthu asapeputse ubwana wako. Adandikumbutsanso kuti mishoni ya All Saints paboma idayamba mu 1894 m'tauni imene inali doko la akapolo la a Jumbe, ndipo Leonard Kamungu mwiniwakeyo adatumikirapo kuno asanapite ku Msoro, m'dziko la Zambia, kumene adamwalira mu 1913. Adati palibe mmodzi wa anthu amenewa amene adadikira kuti ayambe wakwana, ndipo sukulu ilipo chifukwa cha anthu osadziwa. Mawuwa ndidawamva ndipo adandilimbitsa. Koma Baibulo lomwelo, pa Luka 14:28, likuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake, ndipo 1 Timoteo 5:8 ikudzudzula kolimba munthu wosasamala a pabanja pake. Apa ndi pamene ndaima.

Bambo adatisiya mu 2021. Pakhomo pali mayi, mlongo wanga amene ali Fomu 3 ndi mng'ono wanga wa ku pulayimale. Ndine ndimapikula nsomba padoko m'bandakucha n'kukaimika galimoto pamsewu wa M5, ndinenso ndimalima mpunga kudambo. Miyezi ya mwera, asodzi akalephera kulowa m'madzi, timadalira matumba a mpunga omwewo. Nditawauza mayi za ku Zomba sadakalipe. Adapitiriza kupeta, kenaka adati, “Ngati ndi Mulungu, pita mwana wanga, ife tidzaona.” Akadakana ndikadapeza polimbira. Mawu oti “tidzaona” amenewo ndi amene akundilemera, chifukwa ndikudziwa kuti tanthauzo lake n'lakuti mlongo wanga adzayamba kujomba kusukulu kuti azikagulitsa nsomba m'malo mwanga.

Atsibweni sadabise mawu. Akuti mwamuna sathawa khasu n'kubisala m'mkanjo, ndipo anthu adzati umphawi ndi umene wandiitana, osati Mulungu. Zidandiwawa, komabe sindingawanyoze. Masiku ano anyamata ambiri amsinkhu wanga akungodzuka m'mawa n'kudzitcha aneneri, kugula zokuzira mawu n'kuyamba kulandira ndalama za amayi osauka powalonjeza zozizwitsa. Zimenezi zimandinyansa, ndipo n'chifukwa chake ndimalemekeza mpingo umene umayamba wamuyesa munthu n'kumuphunzitsa. Koma zimandichititsanso mantha, chifukwa nawonso aja amanena kuti adamva kuitana.

Anzanga a m'gulu la achinyamata akuti kukayika n'kusowa chikhulupiriro, ndipo ndikakana ndidzakhala ngati Yona. Ine sindikuona choncho. Yona adathawa chifukwa sadafune kuti anthu a ku Nineve akhululukidwe, pamene ine ndikufuna kupita koma ndikuopa kukachititsa manyazi dzina la Ambuye ndi kusiya mayi anga pamoto.

Ndiye Agogo, ndithandizeni. Kodi munthu amadziwa bwanji kuti akumuitana ndi Mulungu, osati kukoma kwa mawu a anthu omuyamikira? Kodi ndi tchimo kupempha wansembe kuti andidikire mpaka mlongo wanga alembe MSCE, ine ndikutumikirabe pansi pa akatekisiti, kapena kumeneko n'kuthawa kobisala? Nanga ngati ndiyenera kupita tsopano, atsibweni ndiwayambe bwanji kuti akhale pansi ndi mayi ndi akuluakulu a mpingo, tigwirizane za munda ndi sukulu ya ana? Ngati pali ansembe kapena abusa amene adayamba utumiki ali ndi chibwibwi, kapena adasiya banja losauka popita kusukulu, ndikupempha kuti andiyankhe kudzera mwa inu m'mene adachitira. Wansembe akufuna yankho langa mwezi uno usanathe.

Ine wanu,
Mnyamata wa ku Chia, Nkhotakota