Lipoti la msonkhano wokonzanso digiri ya Anthropology (maphunziro a chikhalidwe cha anthu)

Anzanga a m'gulu lathu la ophunzira a ku Thyolo ndi Mulanje, ndabwerako. Ndalama munandipatsa zija zapita pa minibasi kuchokera pa Luchenza, malo ogona usiku umodzi ndi nsima kawiri. Malisiti ali kwa msungichuma, kupatula a kabaza, poti wakabaza sadula lisiti.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera pa malonje a akuluakulu ndi kawerengedwe ka magiredi. Ofuna zimenezo adzaone m'kope langa.

Tulo tinandithera itayamba nkhani ya kafukufuku wa kumudzi. Timatha zaka zitatu tikuwerenga za akatswiri a maphunzirowa, Malinowski amene anafufuza ku zilumba za Trobriand, ndi Clyde Mitchell amene anakhala m'midzi ya Ayao m'zaka za m'ma 1940, koma ife eni kutenga kope n'kukakhala pakhonde la munthu timadikira chaka chachinayi, mtima uli kale pa kusaka ntchito. Ophunzira tonse tinapempha kuti ziziyamba chaka chachiwiri. Ine ndinaimirira n'kutchula zakwathu: tchopa, gule wa Alomwe, analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, phiri la Mulanje linalowa m'kaundula wina wa UNESCO mu 2025 chifukwa cha chikhalidwe, osati kutalika kwa Sapitwa, ndipo pa Chonde pamasonkhana khamu pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe Okutobala aliyense. Koma mwana wobadwira m'tsinde mwa phirilo amamaliza digiri osafunsapo agogo ake funso limodzi. Yankho la akuluakulu aja linali lakuti akaganizira. Mawu amenewo mukuwadziwa.

Ndinawauzanso zimene ndinaona chaka chatha. Ndinapita kwa agogo ena pafupi ndi esiteti ya tiyi kukafunsa za thangata monga ankawasimbira makolo awo. Tinacheza bwino, mpaka anandisendera nanazi. Nditangotulutsa fomu yachingerezi yoti adinde chala, nkhope inasintha. Anaiyang'ana, anayang'ana kamunda kawo, n'kunena kuti mutu wayamba kuwawa. Ku Thyolo pepala lodinda chala limanunkha nkhani ya malo, ndipo palibe mphunzitsi anandichenjezapo. M'holomo anthu anaseka, koma mfundo inadutsa: mafomu akhale m'Chichewa, ndipo wosafuna kudinda azivomera pakamwa, mawu ajambulidwe pafoni. Ulendowu ukanangobala chokhachi, ndalama zanu sizikanapita pachabe.

Pa zilankhulo ndinagonja. Ndinkafuna kosi ya Chilomwe kapena Chiyao ikhale yokakamiza, iwo anati ikhale yosankha poti aphunzitsi ndi ochepa. Sindikugwirizana nazo. Tonse tikudziwa kuti Chilomwe chikutsalira m'kamwa mwa okalamba, ndipo ambirife timangodziwa moni basi. Nyimbo za tchopa uzimasulira bwanji?

Tsopano ndiyankhe ena a inu amene munalemba pa WhatsApp kuti kufufuza kwanu si kafukufuku, eti munthu wakwanu sakuuza zoona. Mbali ina n'zoona: malume anga sangandiuze za mkangano wa munda wa mbumba yathu, chifukwa nanenso ndili m'nkhanimo. Ndiye tisinthane. Wa ku Thekerani apite ku Muloza, wa ku Muloza abwere ku Bvumbwe, azigona kwa makolo a mnzake. Mtengo wa malo ogona wathera pomwepo. Midzi imene inasamuka namondwe Freddy atagumula mu 2023 ili pafupi pompa, ndipo mmene chikamwini chikuyendera munda wa mkazi utakokoloka ndi funso loyenera ife, osati alendo a pagalimoto yoyera okha.

Koma tisinthana bwanji makolo pamene chojambulira mawu chimodzi chikutikanika? Tinasonkha tonse, wina anabwereka mu Meyi, mpaka lero akuti chili kwa mlamu wake. Ndipo amene sanasonkhe za ulendo uno ndi omwe ayamba kale kufunsa kuti ndinadya chiyani. Ndinadya nyemba.

Za kukaphunzira ntchito ku nyumba yosungira zakale ku Chichiri kapena ku National Archives ku Zomba zinakambidwa mothamanga, anthu atanyamula kale zikwama. Akufuna maganizo athu olemba mwezi uno usanathe. Tikumane Loweruka pa Luchenza, ndipo mwini mlamu uja abwere nacho chojambulira.