Amayi, masaya aja ndi a mafuta a kuntchito

Rosettenville, Johannesburg

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Chibavi. Ine kuno ndilipo, Mulungu akusunga. Achemwali andiuza kuti mvula ya ku Mzuzu yayamba kale mwano wake ndipo kukhitchini kukudontha. Za malata musadandaule, mwezi wamawa ukatha ndiona chochita.

Chandilembetsa kalata ndi chithunzi chija ndinatumiza pa WhatsApp nditavala yunifomu. Akuti munazungulira nacho kwa amayi anzanu a kutchalitchi, amvekere "mwana wanga wanenepa, Joni yamuyanja." Nditamva ndinaseka, kenaka kuseka kunandithera. Amayi, thupi limenelo si la mtendere ayi.

Paja ndinangokuuzani kuti ndimagwira ku lesitilanti. Ndi malo ogulitsa nkhuku yokazinga ndi chipisi, kumene munthu amalipira n'kulandira chakudya asanabweze chikwama m'thumba. Kuno malo otere ali ngati matchalitchi kwathuko, pakona iliyonse. KFC inalowa m'dziko muno mu 1971 ndipo lero mashopu ake apitirira 1,000. McDonald's inabwera mu 1995. Nando's ndiye inabadwira kuno ku Rosettenville komwe ndikugona, mu 1987. Yathu si mwa zikuluzikuluzi, ndi kashopu kongotsanzira, dzina lake tilisiye.

Ntchito yake ili motere. Nkhuku imabwera yoduladula kale m'mabokosi, yozizira moti zala zimachita dzanzi. Ndimaigubuduza mu ufa wosakaniza mchere ndi zokometsera, kuindandalika m'dengu la waya, kumiza m'mafuta owira, kudina batani. Makina akalira, ndatulutsa, ndamizanso ina. Pamwamba pa mutu wanga pali sikirini yoonetsa maoda, ndipo oda ikachedwa imafiira, manijala n'kuyamba kukuwa dzina langa ngati ndaba. Inu munandiphunzitsa kulawa ndiwo ndi kansonga ka chipande, kumva ngati mchere wakwana. Kuno zaka zitatu sindinalaweko kanthu ndili pamoto, wolawa ndi wotchi. Mikono yanga mukanaiona mukanati anditema mphini, koma ndi mafuta othovoka. Fungo lake silichoka ngakhale uchape ndi sopo wanji. M'takisi anthu amadziwiratu kumene ndikuchokera.

Malipiro amawerengera pa ola. Mu Malichi 2025 lamulo la kuno linati munthu asalandire zochepera R28.79 pa ola. Mukazisintha mu kwacha zikumveka ngati chuma, ndikudziwa. Koma maola ndi a bwana. Sabata ino akulemba masiku asanu ndi limodzi, yamawa atatu okha chifukwa akuti malonda agwa, pamene lendi, takisi ndi magetsi sizidziwa zoti malonda agwa. Amene mapepala ake sali bwino ndiye sayamba n'komwe kufunsa, amangoti zikomo.

Tsono chimene chinandikola ndi chakudya chaulere. Pa shifiti amatipatsa zidutswa ziwiri za nkhuku, chipisi ndi chakumwa chozizira. Masiku oyamba ndinkadziona ngati mwana wa nduna: nkhuku imene kwathu tinkaiona pa Khirisimasi kapena kukabwera alendo, ine tsiku ndi tsiku! Ndikaweruka usiku miyendo itatupa, zoti ndiyatse sitovu n'kuvundula nsima zinkandikanika, ndiye ndinkangonyamula zotsala. Nsima inasanduka ya Lamulungu lokha. Lamba ndinaboola kawiri.

Mwezi wathawu mutu unandivuta masiku anayi, kuno kunkhongo, mpaka ndinapita kukiliniki. Anesi anandimanga chija cha pamkono, anayang'ana, anandimanganso kachiwiri. Akuti BP yapitirira 140 pa 90, ndipo shuga naye waima pakhomo, sanalowe koma akugogoda. Anandifunsa chimene ndimadya, nditawauza anangopukusa mutu, akuti a ntchito yathuyi amawaona kawirikawiri. Anandiuza kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Ndinakumbuka mmene dzanja langa limawazira mchere pa chipisi osayang'ana n'komwe, ndinachita manyazi ngati andigwira. Boma la kuno nalo likudziwa vutoli. Mu 2016 linaika malire a mchere mu buledi, polony ndi zina za m'mapaketi, ndipo mu 2018 linaika msonkho pa zakumwa za shuga wambiri. Koma dzanja la mnyamata wotopa kukhitchini palibe amaliyeza. Chikomekome cha mkuyu chija munkanena, ndachiona ndi maso.

Musaganize kuti ndikutukwana ntchito imene yalipira fizi ya mdzukulu wanu ndi kukugulirani feteleza. Komanso amene amagula sindiwaweruza. Mayi waweruka 7 koloko usiku, wakwera matakisi awiri, wafika kunyumba magetsi azima, ana akulira njala: aphika chiyani? Pakutha pa mwezi agogo amabwera ndi adzukulu atavala za kutchalitchi, ana akunyambita zala, ine kuseri kwa galasi mtima umakoma. Chimandiwawa n'choti chipisi chili pafupi ndiponso chotchipa kuposa ndiwo zamasamba, pamene inu bonongwe mumachita kupalira ngati udzu kuseri kwa nyumba.

Tsono pali ziwiri zimene ndikupempha.

Choyamba ndi mdzukulu wanuyo. Ndamva kuti ndalama ikangofika pa Mukuru, azakhali ake amapita naye m'tauni kukamugulira chipisi, soseji ndi chakumwa, akuti "za adadi ako." Ndikuthokoza chikondicho, ndipo kamodzikamodzi sindikuletsa. Koma asazolowere kuti chikondi cha bambo ake chimabwera m'botolo. Akuti wayamba kukana nkhwani wotendera, akuti ndi za kumudzi. Mumuuze kuti adadi ake ku Joni akulota nkhwani yemweyo. Nthochi za ku Nkhata Bay zadzaza mumsika, mugulireni zimenezo azitenga kusukulu.

Chachiwiri ndi cha mng'ono wanga, ndipo apa achemwali mumuwerengere yekha. Iwe, nkhani yobwera kuno kudzayendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya uyiiwale. Anyamatawo ndimawaona tsiku lililonse panja pa shopu yathu, a kwathu, a ku Zimbabwe, a ku Congo, atakhalira njinga pamvula maso ali pafoni kudikira oda. Amalipidwa pa ulendo, mafuta ndi awo, njinga yambiri ndi yobwereka yolipira pa sabata, ndipo galimoto ikawagunda bokosi lobwerera kumudzi timasonkherana ndife. Maganizo ako ena aja, oika chiwaya cha chipisi pafupi ndi depoti, ndagwirizana nawo ndipo mpamba ndikuthandiza. Mbatata ya kachewere ukaoda ya ku Jenda. Koma mvera za mafuta, poti apa pokha ndine mphunzitsi. Uzisefa madzulo aliwonse, tizinyenyeswa topsa tichoke. Akada ngati oyilo wa galimoto, kapena akayamba thovu ndi utsi usanaike mbatata, ataye, usamangothira atsopano pamwamba monga amachitira anzako. Mchere uziika pambali munthu athire yekha, ndipo kabichi ndi tomato usaumire. Odya pa chiwaya chakocho adzakhala ana a sukulu ndi akabaza, anthu oti mawa mudzakumana pamaliro.

Amayi, wa transipoti uja akunyamuka kumeneko pakati pa mwezi. Mundipatsireko usipa wouma, nsinjiro, mfutso wa nkhwani ndi kampunga ka Kilombero, ngakhale pang'ono. Ndagula kapoto ndi bokosi lonyamulira chakudya, ndayamba kuphika usiku n'kutenga kuntchito. Anzanga akundiseka kuti ndine munthu woyamba kubwera ndi nyemba m'nyumba ya nkhuku. Mankhwala a BP ndikumwa m'mawa uliwonse. Nanunso mukapite kuchipatala cha Mapale akakuyezeni, paja agogo aja anagwa mwadzidzidzi tonse tinkati ndi zamatsenga.

Chithunzi chotsatira mukadzaona masaya aphwa, chonde musakauze abusa kuti ndikuvutika.

Moni kwa amalume ndi onse apabanja.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni