Kwa mwana wanga ku Katete: za magazi aja

Mwana wanga,

Kuno ku Chipata tili bwino. Mitambo yayamba kuunjikana pamwamba pa phiri la Kanjala, ndipo amako atanganidwa ndi kusankha mbewu ya mtedza. Akupereka moni kwa iwe, kwa apongozi ndi kwa adzukulu.

Chiyimbire foni Lamulungu usiku uja tulo tandivuta. Unkalankhula motsitsa mawu, ndipo unayamba wazungulira ku mtengo wa feteleza ndi matayala a njinga usanafike pa chimene unandiyimbira. Ndinakuyankha mwachidule chifukwa amako anali pomwepo. Nkhani zotere kwathu munthu amakambirana ndi amalume ake, koma amalume ako anatisiya, ndiye ndalemba ndine, ndipo nditchula zinthu ndi mayina ake.

Wati kawiri konse waona magazi mu umuna, koyamba ofiira, kachiwiri oderako ngati dzimbiri. Ofiira ndi atsopano, oderawo ndi akale amene akutsalira kutuluka. Kadontho kamodzi kokha kamasintha mtundu wa umuna wonse, motero chimene unaona chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili. Kwa mwamuna wosafika zaka 40, ngati iwe, kawirikawiri si khansa, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha pakapita masabata angapo. Sizitanthauzanso kuti mphamvu ya kubereka yatha. Mtima ukhale m'malo. Komabe ku chipatala upite, sabata ino.

Ndikuuze chimene sindinauzepo mwana wanga aliyense. Zinandichitikira nanenso, ndili ndi zaka 57. Ndinabisa miyezi itatu. Ndinkagona ndi thalauza, n'kumanamizira kuzizira, pomwe unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuli tho. Amako anangoti zii, koma m'mtima anaganiza kuti ndapeza wina. Ndinapita kwa sing'anga wina amene anangondiyang'ana n'kunena kuti ndi kanyera, kuti vuto lachokera kwa mkazi. Ndinasiya nkhuku ziwiri, ndinamwa mizu yowawa masabata awiri, magazi osasiya. Nditapita ku chipatala anapeza kuti BP yanga inali yokwera kwambiri, komanso prostate, kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo kamene kamathandiza kupanga madzi a umuna, inali itatupa ndi matenda. Dokotala anandipima ndi chala kumbuyo, chinthu cha mphindi imodzi chimene ndinachithawa miyezi itatu. Anatenganso magazi a PSA, kuyeza kothandiza kuona ngati prostate ili ndi vuto monga khansa, chifukwa cha msinkhu wanga. Mankhwala anandichiritsa. Chimene chinachedwa kupola ndi mtima wa amako, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti ndinalola munthu wachilendo kuwaloza chala.

Kwa iwe, chimene ndikuchiganizira kwambiri ndi likodzo. Ukumbuke mmene unkakhalira m'damu tsiku lonse ndi anzako pobwera koweta ng'ombe, kubwerako maso ali psu. Ndipo lero m'mawa uliwonse umaima m'madzi a kumtsinje mpaka m'mawondo, kutunga othirira dimba. M'madzi odekha otere mumakhala nkhono zimene zimatulutsa tizilombo ta likodzo. Tizilomboto timaboola khungu, osamva kuwawa kulikonse, n'kukakula m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo timatha kukhala m'thupi zaka zingapo. Anthu amadziwa likodzo ngati matenda a anyamata okodza magazi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mazira ake amakakhazikikanso mu prostate ndi m'timatumba tosunga madzi a umuna, n'kumachititsa timabala totulutsa magazi, ngakhale mkodzo ukuoneka woyera. Uwauze wekha a dokotala za madziwo, usadikire kuti akufunse. Mkodzo woyezera likodzo umakhala bwino kuupereka chakumasana, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko, pamene mazira amatuluka ochuluka. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ankakumwetsani kusukulu. Amapereka molingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo umwe utadya nsima, osati m'mimba muli pululu. Ukachira ugule majombo, chifukwa madzi omwewo akhoza kukupatsanso.

Tsopano chovuta kufunsa. Sindikukuweruza, koma ngati unapondako kunja, ngakhale kamodzi, unene zoona m'chipinda cha dokotala. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana amatupitsa njira ya mkodzo ndi ya umuna, ndipo ena amakhala osaonetsa chizindikiro china chilichonse. Uyezetsenso HIV tsiku lomwelo. Ndikukupempha, usagule makapisozi pamsika kapena kulandira otsala kwa mnzako. Amangoziziritsa matenda osawapha, ndipo ukadzapita kukayezetsa zotsatira zimasokonekera. Ngati pali mankhwala ena amene ukumwa, makamaka asipirini kapena ochepetsa kuundana kwa magazi, uwatenge m'thumba akawaone. Ngati unagwa panjinga kapena kumenyeka pamenepo, unenenso.

Apongozi uwauze. Mwina aona kale pansalu, ndipo akudya mutu okha monga anachitira amako. Khalani pansi ana atagona, uwauze chimene waona ndi kuti ukupita kukayezetsa, ndipo ngati angafune, mupitire limodzi. Magaziwo paokha sangawavulaze, likodzo nalonso silichoka kwa mwamuna kupita kwa mkazi m'nyumba, limadzera m'madzi. Koma poti sitikudziwa gwero, mugwiritse ntchito kondomu kapena mupumeko mpaka zotsatira zituluke. Kondomu ithandizanso kuona ngati magaziwo akuchokeradi kwa iwe, pakuti nthawi zina amakhala a mkazi, ndipo zikatero iwonso afunika kuonedwa. Akapeza matenda opatsirana, nonse awiri mulandire mankhwala nthawi imodzi, mumalize onse, ndipo mudikire masiku 7 musanakhalenso malo amodzi. Mmodzi akachira yekha, matenda amangobwerera pamphasa yomweyo.

Uli pafupi ndi chipatala cha St Francis, ulendo wake ndi wa njinga chabe. Akaona kuti pafunika kuunika kwina angakutumize kuno ku Chipata Central, ndipo ukabwera udzafikira kunyumba. Koma thupi likatentha, mkodzo ukamawotcha kapena kukana kutuluka, ukaona magazi mu mkodzo, kapena machende akatupa ndi kuwawa, usadikire tsiku lomwe wakonza, upite nthawi yomweyo ngakhale usiku. Ndipo magaziwo akapitirira kubwerabwera utamaliza mankhwala, ubwererenso, usatope nawo.

Amako sindinawauze, ndipo sindiwauza pokhapokha iwe utalola. Ndakutumizira kandalama pafoni kogulira majombo aja. Ukatuluka m'chipatala undiyimbire, ndidzapita kuseri kwa nkhokwe kuti tilankhule momasuka.

Ndine bambo ako.