Kamera mwatumizayo ndi fumbi la kuno

Achimwene,

Kalata yanu yafika pamodzi ndi kamera ya mnyamata wanu. Mwafunsa ngati kujambula mitengo ndi mvuu kungamudyetse. Ndikuyankhani, koma ndiyambe ndi fumbi, chifukwa likundisowetsa tulo.

Okutobala uno msewu wa ku Lifupa, m'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu, ndi ufa wokhawokha. Akamasintha lenzi pamtetete, fumbi limakakhala pa sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamagwira chithunzi. Pa f/4, pamene bowo la lenzi lolowetsa kuwala latseguka kwambiri, silioneka. Koma akangochepetsa bowolo kufika pa f/16 kuti phiri la Kasungu ndi udzu wapafupi zituluke bwino, kumwamba kumadzaza timadontho ngati ntchentche zagwera mumkaka. Muuzeni inuyo, poti ife satimvera: azimitse kamera, ailozetse pansi, asinthe msanga, ali m'galimoto mawindo otseka. Poyeretsa, kampira kopopera mpweya kaja basi. Asauzire ndi pakamwa, malovu ndi oipa kuposa fumbilo. Asapukute ndi malaya. Mlamu wanu akuti nthenga ya nkhuku ingathandize. Ndamubisira kamerayo. Kuti mnyamatayo adziwe ngati sensa yada, ajambule chipupa choyera pa f/16, aone pa kompyuta. Ndipo musati mvula ikagwa tapuma ayi, pamenepo chuku chimamera m'kati mwa lenzi ngati ulusi wa kangaude. Aziisunga m'chigoba chotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi.

Ukwati wa kwa amalume unachitika, unayenda bwino.

Za kuwala: pano dzuwa likutuluka 5 koloko itangodutsa, pofika 7 lauma kale, mithunzi yada bii. Ndiye adzuke ndi tambala, osati monga munkadzukira inu. ISO (mphamvu ya sensa yomva kuwala) ikhale 100, bowo f/8, kamera pa thiraipodi (choimikira cha miyendo itatu), ndipo azijambula RAW, fayilo yosunga zonse zimene sensa yagwira, kuti akakonze mithunzi pambuyo. Nkhwazi ikuuluka imafuna kamera iphethire msanga, pa 1/1000 ya sekondi kapena kufulumira kuposa pamenepo, apo bii mapiko amangoti mbuu. Utsi wa lupsa umafiiritsa dzuwa mokongola, koma zakutali umaziphimba. Masamba ofiira a miombo wawaphonya, amaphuka cha mu Seputembala. Asavale zakuda kapena zabuluu, kashembe amazikonda.

Njovu zilipo, paja mu 2022 anabweretsa 263 kuchokera ku Liwonde. Asatsike m'galimoto. Akapita m'midzi ya m'malire asakayamikire njovu mokweza, kumeneko anthu akugona m'minda kulondera, ena nkhokwe zinagwetsedwa. Agogo akamva dzina la njovu amangoti zii.

Tsono funso lanu. Chithunzi cha luso chimagulidwa chili papepala, osati pafoni. Pepala la A3 pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi) limafuna mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, pafupifupi 3500 m'lifupi ndi 4960 m'litali, kamerayo ikwanitsa. Potumiza kosindikiza pa WhatsApp atumize ngati document, kupanda kutero chimaphwanyika. Achepetse kuwala kwa sikirini pokonza, chifukwa ikawala kwambiri pepala limatuluka lakuda. Pepala la thonje ndi inki ya pigment sizisuluka msanga, koma mtengo wake mudzakhala pansi. Mufelemu chithunzi chisagunde galasi, chinyezi chimachimatirira. Asindikize khumi zokha, azilembe manambala 1/10, 2/10 mpaka 10/10 ndi pensulo, asadzaonjezere ngakhale wogula atalira.

Ogula kuno ndi ochepa, anthu amafuna chithunzi choti aonekemo okha. Ndiye poyamba azijambulanso maukwati, koma kumeneko fumbi la ovina ndiye, achimwene, pepala landithera, kampira kaja mutumize awiri chifukwa