Kwa mwana wanga, za mano ako aja

Likuni, Lilongwe

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Area 25 kumeneko, iwe, apongozi anga ndi adzukulu. Kuno tilipo, kungoti bambo ako mwendo uja ukuwavutabe kukazizira.

Ndasankha kulemba chifukwa nkhani imeneyi ndikaiyamba pa foni, iwe umathamangira kufunsa za mvula. Apongozi andiuza kuti ndalama zimene munasunga zokaikitsira mano waziimitsa, ati wawerenga kuti ku Japan apeza mankhwala omeretsa mano, ndiye oikirira alibenso ntchito. Usawakalipire, ndinachita kuwaumiriza ndine.

Nkhaniyo si yabodza ayi, ndipo ine monga munthu amene ndinakalambira pa unamwino inandisangalatsa. Mu 2003, katswiri wina ku America, Songtao Shi, anapeza kuti m'kati mwa mano a ana, omwe aja munkaponya padenga akaguluka, muli maselo anthete otchedwa stem cells, amene amatha kusanduka ziwalo zosiyanasiyana za dzino. Mu 2009 gulu la Takashi Tsuji ku Japan linabzala mbewu ya dzino m'kamwa mwa mbewa, dzinolo linatuluka ndithu, mbewayo n'kumatafunira. Mu 2013 Paul Sharpe wa ku King's College London anasakaniza maselo a m'nkhama za munthu ndi maselo a mwana wa mbewa wosabadwa, panamera kadzino kokhala ndi muzu. Koma umve kumene kanamera: mu impso ya mbewa. Dzino limayamba kuumbika mwana ali m'mimba, pamene magulu awiri a maselo akutumizirana zizindikiro, ndipo kubwereza zimenezo m'kamwa mwa munthu wamkulu, dzino n'kutuluka pamalo pake, lowongoka, lofanana ndi anzake, ndi pamene akatswiri akulimbana napo mpaka lero.

Za ku Japan zimene waonazo n'zina. Kumeneko sakubzala maselo. Dokotala Katsu Takahashi wa pa chipatala cha Kitano ku Osaka ndi anzake anaona kuti m'thupi muli puloteni yotchedwa USAG-1 imene imaletsa mbewu za mano kukula. Anapanga mankhwala, TRG-035, oti aigwire manja puloteniyo, ndipo nyama zimene anazibaya zinamera mano. Mu 2024 anayamba kuwayesa pa anthu pa chipatala cha Kyoto University: amuna 30 okha, a zaka 30 mpaka 64. Funso loyamba pa kuyesa kotero limakhala lakuti, kodi mankhwalawa savulaza munthu? Akatero akufuna kuthandiza ana aang'ono amene anabadwa opanda mano ena. Chaka cha 2030 chimene ukuti mankhwalawa adzayamba kupezeka ndi chiyembekezo cha eni akewo, ndipo oyamba pamzere ndi ana amenewo. Munthu wamkulu ngati iwe, amene mano ako atatu anatsala pa tala utagwa pa kabaza, udzabwera pambuyo.

Ndiye uwerengerenso mtunda wochokera ku Kyoto kufika kuno. Ine ndinali m'wodi nthawi ya Edzi. Mankhwala amphamvu a ma ARV anayamba kupulumutsa anthu kumaiko olemera mu 1996, koma kuno anayamba kuperekedwa ulere mu 2004. Pakati pa zaka zimenezo tinaika anthu ambiri, ena a pabanja pathu pomwe, iwenso ukuwakumbuka. Amenewo anali mankhwala a moyo ndi imfa, dziko lonse lapansi likufuula. Nanga a mano adzathamangitsidwa ndi ndani? Pajatu maphunziro a udokotala wa mano anayamba m'dziko muno mu 2019 pomwepa, ku College of Medicine, mothandizidwa ndi University of Glasgow.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti m'kamwa simudikira. Dzino likachoka, fupa limene linagwira muzu limayamba kuphwa, makamaka m'miyezi yoyambirira. Mano oyandikana nalo amapendekera ku mpatako. A m'munsi, posowa okumana nawo, amatha kutalika. Pang'ono ndi pang'ono kutafuna kumasokonekera, zakudya zimakanirira m'mipata, kuola kumayamba. Ndaonapo anthu amene anabwera mochedwa, wa mano n'kupukusa mutu kuti malo oika dzino atha. Ngakhale mankhwala a ku Japan atafika mawa, adzafuna nkhama zabwino ndi nsagwada yolimba.

Komanso ndinakuona pa chinkhoswe cha msuweni wako chija. Anthu akuseka, iwe dzanja pakamwa. Chimanga chootcha unachita kutong'ola ndi chala, njere imodziimodzi, n'kumaponyera chakumbali kwa tsaya. Nzimbe unapatsa ana. Pojambulitsa unaima kumbuyo, milomo uli tseke. Iwe amene unkatsogolera kwaya, pano apongozi akuti umangong'ung'udza chifukwa mawu ena akutuluka ngati likhweru. Mtima unandiwawa, mwana wanga. Zaka zimene ukufuna kudikirazo ndi zimene ana ako akukula akukuyang'ana, ndi zimenenso ukuimirira pamaso pa mabwana ako kuntchito.

Mano oikirira si manyazi. Ndikudziwa ukuganiza za agogo ako, mano awo m'kapu pawindo, inu ana mukuthawa. Ako ndi atatu okha, kachidutswa kakang'ono kokolekera pa mano otsalawo. Amayamba akuyeza m'kamwa ndi phala louma msanga, kenako amasankha mtundu wofanana ndi mano ako. Masabata oyamba kamasowetsa mtendere, malovu amachuluka, lilime limangokakhudza. Pakapweteka ubwerere akakonze, usapale wekha ndi mpeni. Usiku uzivula, kutsuka ndi mswachi, n'kuika m'madzi ozizira, chifukwa otentha amakapinda. Ubwino wake ndi womwewo, kuti n'kovula: tsiku limene mankhwala enieni adzafike, udzangokaika pambali. Ziliponso njira zina, monga kumangirira dzino pa oyandikana nalo kapena kuboola fupa n'kuikamo kachitsulo, koma zimenezo n'zodula, ndipo wa mano ndiye angakuuze ngati zikukuyenera ataona chithunzi cha X-ray.

China ndikuchenjezeretu. M'tauni muno mwadzaza anthu oyenda ndi timapaketi ta ufa, ati ndi stem cell, tochiza shuga, BP, nyamakazi ndi zonse. Afika mpaka pakhomo la tchalitchi. Akangomva kuti ukufuna mano omera, akupeza. Chimene wameza chimakagayidwa m'mimba monga chakudya china chilichonse, sichingakwere kukamera dzino. Akatswiri amene atha zaka zambiri m'malabotale sanafikepo. Usapereke ndalama ya fizi ya ana kwa munthu wa chikwama.

Bambo ako akuti soya akagulitsidwa aikapo yawo, ndalama isakhale chonamizira. Lachiwiri likubwerali ndikubwera m'tauni kudzatenga mankhwala awo. Upemphe nthawi kuntchito, tikumane pa depoti m'mawa, tipitire limodzi ku mbali ya mano ku Kamuzu Central akakuone n'kutiuza mtengo wake. Ukafuna chipatala cholipira, usankhe wekha, ine ndikutsata. Utengenso Takondwa, ndinaona kadontho kakuda pa dzino lake la kumbuyo, ndipo masiwiti amene mumamugulira pobwera kusukulu aja achepe.

Upereke moni kwa apongozi ndi ana.

Ndine mayi ako.